Kamba wa Mwana wa Sukulu: Timulongedzere Chiyani M'chikwama?

Mwana wanga wachiwiri ali mu Sitandade 1 anabwerako kusukulu tsiku lina kontena yake ili chidzazire. Mbatata ziwiri zofiira mkati, zomwe ndinalawirira kuphika mbandakucha, anabwera nazo osalumako n'pang'ono pomwe, koma milomo itachita kuyera ndi njala. Nditamufunsa anayamba wazolika, chala chili mkamwa, kenako anayankha chapansipansi: "Amama, anzanga amandiseka. Akuti mbatata ndi zakumudzi." Mwana wa zaka 6 analolera kukhala ndi njala m'kalasi mpaka dzuwa lili paliwombo, chakudya chili m'chikwama, poopa kusekedwa. Kuchokera tsiku limenelo nkhani ya kamba wa ana ndinaitenga kukhala yanga. Ndakhala ndikuikamba ndi makolo anzanga pageti podikira ana kuweruka, ndi aphunzitsi, ngakhalenso ndi azaumoyo kusikelo, ndipo mafunso amene amabwerabwera ndi awa.

Mwana akadya m'mawa kunyumba, pali chifukwa chomunyamulitsanso chakudya?

Chilipo. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, silandira zambiri nthawi imodzi, chonsecho thupi lake likukula ndipo mwiniwake sakhala pansi. N'chifukwa chake alangizi a kadyedwe amati mwana azidya katatu patsiku, ndipo pakati pa zakudyazo azitolako kenakake kawiri. Tsono taganizirani mwana amene wamwa tiyi 6 koloko, wayenda mtunda kapena wakwera kabaza, walowa m'kalasi 7:30, ndipo nsima akaipeza cha m'ma 1 koloko. Maola 7 amenewo ngakhale munthu wamkulu amayamba kuyasamula. Tinenenso zoona, m'makomo ambiri chimene timatcha kadzutsa ndi tiyi wopanda mkaka ndi kachidutswa ka buledi, apo ayi kamkute kadzulo.

Aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono amamudziwa mwana wanjala iye asananene. Ikamakwana 10 koloko amayamba kusinza, kanthu kakang'ono walira, ndipo zimene akuphunzitsidwa zimangodutsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Ana oterewa ndi omwe amadzalowa Sitandade 1 thupi lili kale ndi ngongole. Kwa iwo kanthu kalikonse kolowa mkamwa kayenera kukhala kopatsa thanzi, kosangodzaza mimba.

Nanga ngati kusukulu kwawo amalandira phala?

Apo mwayamba bwino. Bungwe la Mary's Meals, lomwe anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, linayamba kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'sukulu zathu. Phala lake ndi la ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, lija timati Likuni Phala, ndipo amaphika ndi amayi a m'midzi yozungulira sukulu, amene amadzuka tambala woyamba kukakoleza moto popanda malipiro. Mwana amene wamwa kapu ya phala limeneli safunanso zambiri. Nthochi imodzi kapena gwafa ndi botolo la madzi zakwana. Koma phalali silifika paliponse. Sukulu zambiri zolipira ndi za mkombaphala za m'tauni zilibe, ndipo kumeneko zonse zili m'manja mwa kholo.

Ndiye timulongedzere chiyani kwenikweni?

Kusikelo tonse tinaphunzira za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Palibe amene angakwanitse kulowetsa magulu onsewo m'kontena ya mwana tsiku lililonse, ndipo sikofunika kutero poti kunyumba akadyanso. Ine ndimangoonetsetsa zitatu: chokhutitsa chimodzi, chomanga thupi pang'ono, ndi chipatso. Zikavuta, ziwiri mwa zitatuzo.

Pa zokhutitsa, mbatata ndimaiika patsogolo, makamaka yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika. Kufiirako ndi kumene thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo mbatata imatsekemera yokha popanda shuga. Chinangwa chophika nachonso chimasunga mimba, bola chikhale cha mtundu wosawawa ngati Manyokola, chifukwa chowawa chili ndi poizoni ndipo sichiyenera kupatsidwa kwa mwana chisanaviikidwe ndi kukonzedwa bwino. Palinso chimanga chachiwisi chophika, maungu, mbatatesi, zitumbuwa, mkate wa nthochi ndi chigumu. Chigumu ndiye chili ndi mwayi wina: pokanda mutha kuthiramo dzira, nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, nthochi zakupsa m'malo mwa shuga wambiri, ndipo kachidutswa kamodzi kamanyamula magulu atatu mwana osadziwa. Chophika Lamlungu madzulo chimafika Lachiwiri chili bwino chikasungidwa pouma.

Chomanga thupi chosavuta kunyamula ndi dzira lophika. Limabwera ndi chotchinga chakechake, silitayikira m'makope, ndipo limodzi lokha limakwanira. Mazira akakwera mtengo, chiponde chopaka pabuledi kapena pambatata chimagwira ntchito yomweyo. Kwa ana okulirapo mtedza wokazinga, nzama zophika, ngakhale usipa wouma wokazinga bwino mpaka kumakhukhuta, zonsezi ndi kamba wabwino. Usipa mwana amadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa ndi mano.

Zipatso zitsatireni nyengo, mudzaona kuti thumba silikulira. Mango ndi masuku amachuluka mvula ikamayamba, mapeyala ndi magwafa amatsatira, nthawi yozizira kumabwera manachesi a ku Mwanza, chilimwe kuli malambe ndi bwemba, pomwe nthochi ndi papaya sizisowa chaka chonse. Zipatso zowawasa monga manachesi, magwafa ndi malambe zili ndi vitamini C, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, pomwe tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironiyo. Chenjezo langa ndi laling'ono: musayesere mwana ndi manja anu. Lalanje losasenda, mwana wa zaka 5 amalimbana nalo mpaka belu kulira. Lisendeni, ligaweni. Mango a ulusi asiyeni adye kunyumba, pokhapokha ngati muli ndi sopo wokwanira wochapira yunifolomu tsiku ndi tsiku.

Zam'mapaketi zalakwa chiyani, poti ana amazikonda ndipo sizitaya nthawi?

Tsegulani paketi imodzi ya tofutukuka tachimanga tija, mufinye m'dzanja. Chotsala ndi kaufa kosadzaza supuni ziwiri, mafuta, mchere ndi utoto umene umatsalira kuzala. Mwana amadya n'kumva kukoma, koma pakatha theka la ola njala yabwerera, ndipo ludzu lawonjezeka. Mabisiketi a kirimu, maswiti ndi zakumwa zotsekemera vuto lake ndi shuga. Botolo la 300ml la chakumwa choziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 8. Palibe mayi angathire masupuni 8 m'kapu ya tiyi ya mwana wake, koma m'botolo timamupatsa osaganizako kawiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo kwa mwana wamng'ono botolo limodzi lokhalo latsala pang'ono kumaliza mlingo wonsewo. Zotsatira zake timaziona m'mano akutsogolo a ana a nazale, akuda ndi obenthuka asanayambe n'kugweluka komwe.

Tijuwisi tambiri ta m'timabokosi ndi m'timabotolo, ngakhale pali chithunzi cha lalanje, ndi madzi, shuga ndi fungo chabe. Werengani kumbuyo. Chimene chalembedwa koyambirira pamndandanda wa zosakaniza ndicho chachuluka mkatimo.

Sindikunena kuti mwana asalawe bisiketi moyo wake wonse. Kwathu Lachisanu ndi tsiku la kanthu ka kugolosale, ndipo ana amalidikira ndi chimwemwe. Chimene chimandiwawa ndi kuona kholo likutaya ndalama yogula nthochi zingapo kapena dzira pa paketi ya mpweya, n'kumaganiza kuti lamuchitira mwana zabwino kuposa mnzake amene wamunyamulitsa chinangwa.

Nanga mwana akamakana zakunyumba chifukwa anzake akumuseka?

Funso limeneli ndi limene lili pansi pa mafunso onsewa, ndipo yankho lake silili m'kontena. Ana sabadwa akudziwa kuti mbatata ndi yochititsa manyazi. Amamva kwa ife. Timati "zakumudzi" tikamanyoza, timati "zachizungu" tikamayamikira, ndipo mlendo akabwera timabisa futali n'kuthamangira kugolosale. Mwana amaona zonsezo n'kupita nazo kusukulu. M'sukulu zina za m'tauni kontena yasanduka chikwangwani cholengeza kuti bambo ake a mwana amalandira zingati, ndipo makolo ena amalowa ngongole kuokala kuti mwana wawo asaoneke wotsalira.

Mwana wanga uja sindinamukalipire. Manyazi a mwana ndi enieni, ndipo kumuuza kuti "usawamvere" sikuthandiza munthu wa zaka 6 amene akukhala ndi anzakewo tsiku lonse. Ndinayamba ndi kusintha maonekedwe. Mbatata yomweyo ndinaidula timizere, n'kuikazinga pang'ono m'mafuta ochepa. Chigumu ndinachidula timagawo tofanana bwino. Nanazi ndi papaya ndinaziika m'kakontena kakekake. Ndinayambanso kumufunsa madzulo, "Mawa utenga nthochi kapena gwafa?" Mwana akasankha yekha amachiteteza chakudyacho pamaso pa anzake.

Kenako ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi ake. Ndinawafotokozera zonse, ndipo anangoti, "Mayi, musadandaule, ndisiyireni." Mawa lake pa buleki anakhala pakhonde pakati pa ana, anamasula kansalu, natulutsa mbatata yawo yootcha n'kuyamba kusenda. Ana anawazungulira. "Madamu, inunso mumadya mbatata?" Iwo anati, "Kwambiri. Ndani ali nayo tidyere limodzi?" Mwana wanga anabwera kunyumba akuthamanga kudzandiuza kuti Madamu analawa yake ndipo anati ndi yokoma kuposa yawo. Sabata yotsatira ana ena atatu anabwera ndi mbatata. Zimene ndikanalankhula mwezi wathunthu, mphunzitsi anazitha ndi buleki imodzi.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa makolo kuti nkhaniyi aziitengera ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Kalasi ikagwirizana kuti masiku akutiakuti aliyense abwere ndi chipatso, kapena kuti zakumwa zotsekemera zisamalowe pageti, mpikisano umatha, ndipo amene amapuma kwambiri ndi kholo losauka.

Chakudya chophika m'mawa sichingaonongeke chisanadyedwe?

Chingathe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe chikwama chimatentha ngati uvuni. Malangizo a WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Tsono poti ana athu alibe firiji kusukulu, nzeru ndi kusankha zimene sizichedwa kudyedwa komanso sizisasa msanga. Zouma ndi zokhala m'makoko ake zimapirira: chigumu, zitumbuwa, mbatata yootcha, dzira losasenda, nthochi. Zamsuzi, zotendera, mpunga, nyama, nsomba yaiwisi, mkaka ndi yogati ndi zimene zimagwa msanga. Mukafuna kumunyamulitsa zoterezi, ziphikidwe m'mawa womwewo ndipo mumuuze adye pa buleki yoyamba, asasunge zodya pobwerera. Mpunga wogona osautenthetsanso mpaka kutulutsa nthunzi, ayi ndithu.

Thobwa ndi labwino, koma ndinaphunzira movutikira. Ndinamuthirira mwana thobwa la dzana m'botolo n'kutseka kwambiri. Ndi kutentha linapitiriza kuwira, ndipo potsegula linaphulika n'kunyowetsa makope onse ndi buku la sukulu lomwe ndinachita kulipira. Likhale latsopano, ndipo botolo lisadzaze mpaka kukamwa.

Za ukhondo sitingazinene mopepuka titadutsa m'zimene tinadutsamo. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Chakudya chingachoke kunyumba chili chaukhondo, koma manja amene akachigwire achokera kuchimbudzi ndi kufumbi la pabwalo. Muphunzitseni mwana kusamba m'manja ndi sopo asanatsegule kontena, ndipo mukafunse ngati pasukulupo pali madzi ndi sopo pamalo ofikirika. Zipatso zitsukidwe kunyumba. Kontena itsukidwe tsiku lomwelo, makamaka m'mizere ya chivindikiro mmene mumabisala nkhungu, ndipo iume isanatsekedwe. Chakudya chamoto musachikulunge m'timajumbo topyapyala. Boma linaletsa timapulasitiki timeneti mu 2015, ngakhale nkhani yake inakokedwa m'makhoti kwa zaka zambiri, ndipo nyuzipepala nayonso si yokulungira chakudya chifukwa inki imatsalira pa chitumbuwa.

Chakumwa chabwino n'chiti?

Madzi. Owiritsa kapena othira mankhwala, m'botolo lakelake la mwanayo lolembedwa dzina, losabwerekana. Mukafuna kumusangalatsa, madzi a malambe kapena a bwemba opanga nokha ndi shuga wochepa aposa za kusitolo.

Ana a nazale angadye zofanana ndi akuluakulu awo?

Si zonse. Mwana wosakwana zaka 5 satafuna bwino, njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, ndipo amadya akuseka kapena akuthamanga. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, mbuliwuli, maswiti olimba, ndi zipatso za nthangala monga masuku, malambe ndi bwemba zingamutsamwe pomwe mlezi mmodzi akuyang'anira ana makumi angapo. Mtedza mumupatse ngati chiponde chopaka mopyapyala kapena nsinjiro zothira m'chigumu, nthangala muchotseretu, ndipo zolimba muziphike zifewe n'kuzidula motalika, osati mozungulira.

Pa mtedza palinso nkhani ya chuku. Mtedza kapena chimanga chosungidwa ponyowa chimamera nkhungu yotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo amathandizira kupinimbira. Kukazinga sikumuthetsa. Sankhani mtedza musanasinje, ndipo wofota, wakuda, wobooka kapena wowawa utayidwe, osaupatsa mwana poti ndi wotsika mtengo. Ana ena thupi lawo limadana ndi mtedza, mazira kapena mkaka: amatuluka zidzolo, kutupa milomo, kapena kubanika. Chakudya chatsopano chiyambe kuyesedwa kunyumba inu mukuona, ndipo ngati mwana ali ndi vuto lotere aphunzitsi adziwe tsiku loyamba lomwe.

Bwanji osangomupatsa ndalama akagule yekha pageti?

Amayi ogulitsa pageti ambiri ndi anansi athu, ndipo ena amaphika mwaukhondo kuposa mmene timaganizira. Mandasi awo ndi amene akulipirira ana awo fizi. Vuto ndi wogulayo. Mwana wa zaka 6 mukamupatsa ndalama sagula nthochi, amagula chingamu ndi mafirizi, ndipo madzi amene anapangira mafiriziwo simukuwadziwa. Ndalama imatayika, imalandidwa ndi ana akuluakulu, ndipo ena amazolowera mpaka kukana kupita kusukulu tsiku limene mulibe. Ngati palibe kuchitira mwina, pitani nokha mukaone amene amavindikira malonda ake ndipo sagwira chakudya ndi dzanja lolandirira ndalama. Mupangane naye kuti mwana wanu azilandira chakutichakuti, inu muzilipira pa sabata.

M'mawa nthawi imachepa, magetsi azima, makala adula. Tingakwanitse bwanji?

Kamba wa mawa amakonzedwa usiku. Mukaphula nsima yamadzulo, makala a pambaula amakhala akadali ndi moto wokwanira kuotcha mbatata ziwiri kapena kuwiritsa dzira, ndipo moto umenewo nthawi zambiri umangotha pachabe. Zipatso mutsukiretu, botolo mudzaziretu, kontena ikhale poonekera. M'mawa n'kungolongedza. Ntchitoyi si ya amayi okha. Bambo amene amadutsa pamsika poweruka atha kubwera ndi phava la nthochi, ndipo kusenda lalanje sikufuna luso la kukhitchini. Ngati ana amakonzeredwa ndi wantchito kapena achemwali awo, khalani nawo pansi muwauze zoyenera kulowa m'chikwama, chifukwa mukangosiya ndalama patebulo adzathamangira kuokala.

Timupatse zochuluka bwanji, poti amagawana ndi anzake?

Zochepa kuposa mmene mtima wa kholo umafunira. Buleki ndi yaifupi ndipo mwana akufunanso kusewera. Mbatata imodzi yapakatikati, dzira ndi nthochi zamukwanira mwana wa Sitandade 1, ndipo mukadzaza kwambiri amabwera osafunanso nsima.

Kugawana ndiye musakuletse. Mawu akuti "undigawireko" ali pabwalo la sukulu iliyonse, ndipo pakati pa ana amene amatambasula dzanja pali ena amene achoka kunyumba osalawa kanthu. Ine ndikakhala nazo ndimaonjezera kachidutswa kamodzi n'kumuuza kuti aka n'ka mnzako. Chimene ndimamuphunzitsa ndi kubenthula asanalume, osalumirana, komanso osamwerana botolo. Kugawa n'kosiyana ndi kulandidwa. Mwana akamabwera kontena ili mbee tsiku lililonse koma ali ndi njala yoopsa, kapena akayamba kupempha kuti muzimuikira zambiri osanena chifukwa, mufunseni mofatsa amene amadya naye. Pena mupeza kuti pali wamkulu wa Sitandade 4 amene amamudikirira kuseri kwa kalasi, ndipo zikatero nkhaniyo ipite kwa aphunzitsi mawa lomwelo.